Mbuzi za Kuchigwa, Msika wa Mukomboni

Malole onyamula mbuzi amakonda kuyenda usiku, chifukwa dzuwa la masana limapha katundu. Pofika m'bandakucha amakhala ataima pamsika wa ziweto wa ku Chibolya, kufupi ndi Kanyama ndi John Laing mumzinda wa Lusaka. Anyamata amakwera pamwamba n'kuyamba kutsitsa mbuzi imodziimodzi, kuigwira mwendo ndi nyanga, wina akulandirira pansi. Iliyonse ili ndi penti pamsana kapena kansanza komangidwa kunyanga, popeza lole imodzi imanyamula mbuzi za anthu angapo ndipo aliyense ayenera kuzindikira zake. Zina zimatsika zili dzandidzandi, zina zimangoti khwatha pansi osafunanso kudzuka. Yofera m'njira ndi tsoka la mwini wake. Mwini lole ndalama yake amalandirabe yonse.

Ambiri mu Lusaka akamva dzina la Chibolya amaganiza za chamba ndi apolisi obwera ndi mfuti m'mamawa. Mbiri imeneyo ilipodi. Koma pomwepo ndi pamene pali msika wotchuka wa mbuzi ndi nkhumba mumzindawu. Michopo imene anthu amadyera anyezi ndi tsabola madzulo ku Matero, nthumbwana zimene mayi wa ku Chawama amagula kuti ana alaweko msuzi Lamlungu, mbuzi ya pachinkhoswe ku Mtendere kapena ya pamaliro ku George, zambiri zimadutsa pano. Ogula ena ndi amalonda opita nazo ku Kasumbalesa, kumalire ndi dziko la Congo, kumene anthu a ku Lubumbashi amalipira mowolowa manja kuposa a ku Lusaka.

Wodya michopo safunsa kwawo kwa mbuzi. Akanafunsa, akanamva maina a Gwembe, Sinazongwe, Siavonga, Chirundu ndi Luangwa, madera a m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa amene akatswiri a zaulimi amawaika m'chigawo choyamba cha nyengo, kumene mvula ya chaka chonse kawirikawiri sifika mamilimita 800. Vuto si kuchepa kokha. Mvula ya kumeneko ndi yopanda ulemu: imatha kugwa yamphamvu masiku atatu mpaka kukokolola minda, kenako n'kusowa milungu itatu pa nthawi imene chimanga chikumasula ngayaye.

Kumathero kwa msewu

Wochoka ku Lusaka pa Great East Road amayenda makilomita pafupifupi 230 kuti afike pamlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968. Apaulendo opita ku Chipata ndi ku Malawi amapadziwa bwino chifukwa cha nsomba zouma, madengu ndi mphasa zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ndi ochepa amene anakhotako kudzanja lamanja asanawoloke, n'kutsata mtsinje makilomita ena oposa 80 mpaka kuboma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchabe Feira. Apo ndi pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya linalo kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene malo amenewa ali pa mamita 330 okha, ndipo ndiwo otsika koposa m'dziko lonse la Zambia. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti anthu amatulutsa mphasa n'kugona pabwalo.

Bomali lili m'chigawo cha Lusaka, chimodzimodzi Kanyama. Koma kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu a boma lonse la Luangwa safika 40,000, pamene dera la phungu wa Kanyama lokha linali ndi anthu oposa theka la miliyoni. Munthu wa ndale wodziwa masamu amadziwa kokathera mafuta a galimoto yake.

Eni dziko kumeneko ndi Ansenga a Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Achikunda a Mfumu Mphuka, ndipo chilankhulo chawo munthu wa Chinyanja amachitola msanga. Si anthu amene dziko linawaiwala kuyambira kale. Apwitikizi anali atakhazikitsa kale msika wa minyanga ndi golide ku Zumbo m'zaka za m'ma 1700, David Livingstone anadutsapo mu 1856 n'kupeza mabwinja a tchalitchi, ndipo pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaphulitsa mudzi wa Kavalamanja posaka omenyera ufulu wa Zimbabwe. Malo amene kale anali njira ya aliyense lero ndi kumathero kwa msewu.

Ng'ombe kuno n'zochepa. Thengo la tsanya lozungulira midzi, limene limalumikizana ndi nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi, lili ndi kashembe, ndipo ng'ombe ikalumidwa imawonda mpaka kufa. Mbuzi zamakolo zimapirirako. M'chilimwe udzu ukapserera zimaimirira ndi miyendo yakumbuyo kubudula masamba a mitengo ya minga, zimatola nyemba za mitengo zogwa pansi, ndipo mu Juni ndi Julayi zimanenepa ndi masau. Khola lake limamangidwa m'mwamba pa mafoloko, pansi pake timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi ndiponso kuti fisi asafikire. M'dzinja mbuzi zimamangidwa pachingwe kapena kutsatidwa ndi ana, kuopa milandu ya m'minda ya eni. Zokolola zikangolowa m'nkhokwe zimamasulidwa kuti zidzionere zokha, n'kumabwera madzulo.

Ulimi ndi wa minda iwiri. Wakumtunda umadalira mvula, ndipo ndi umene umakhumudwitsa zaka zambiri. Wa m'dimba, m'mphepete mwa mtsinje madzi akaphwa, umapatsa chimanga chachiwisi, maungu, mbatata ndi therere pamene kumtunda kuli gwa. Koma kudimba ndi kumene mvuu imadyera usiku, ndipo njovu zikatulukira zimamaliza m'maola ochepa zimene banja lalima miyezi inayi. Amuna amagona m'tizisakasa m'minda, kuwomba zitini ndi kufukiza ndowe zosakaniza tsabola. Amayi otunga madzi ndi asodzi amachita kuyang'anitsitsa pamadzi asanaponde, chifukwa ovulazidwa ndi ng'ona si achilendo kuchipatala cha mishoni cha Katondwe. Mlendo wochokera ku Ulaya amalipira madola kuti aone nyama zomwezo ali pabwato. Gawo lina la ndalama za osaka nyama limayenera kubwerera kumidzi kudzera m'makomiti a zachilengedwe, koma mayi amene munda wake wapondedwa usiku salandira chipukuta misozi cha munda wakewo.

Pa moyo wotere mbuzi ndi nkhokwe yoyenda ndi miyendo. Mwana akafuna yunifomu ndi nsapato, wodwala akafunika kupita kuchipatala cha UTH, ufa ukatha mu Januwale, mwini khola amasankha tonde mmodzi n'kumumanga chingwe. N'chifukwa chake banja lokhala ndi mbuzi khumi ndi zisanu limatha kudyera nsima masamba a maungu mwezi wathunthu osaganizako zopha ngakhale imodzi. Wa m'tauni amati ndi umbombo. Mwini wake amadziwa kuti akadya mbuzi lero wadya fizi ya mawa.

Pali katundu wina amene chigwa chimatumiza m'makomboni wopanda kulira m'lole. M'miyezi yozizira amayi a m'misika ya Soweto, Chawama ndi Kalingalinga amaunjika masau pa tebulo, kuyeza ndi kakapu, ndipo ana asukulu amawathira m'matumba a malaya. Malambe, bwemba, nsomba zouma, mphasa ndi makala zimabwera njira yomweyo. Masau otsala kumudzi amayanikidwa, ena amaphikira phala m'miyezi ya njala, ena amatchezera kachasu, amene nayenso amapeza njira yake yofikira m'tauni ngakhale malamulo samulola.

Anthu amene nyanja inawasamutsa

Mbuzi zochuluka zofika ku Chibolya zimachokera kum'mwera, kwa Atonga. Nkhani yawo siingakambidwe popanda damu la Kariba. Pamene linkamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anachotsedwa m'minda yawo ya m'mphepete mwa mtsinje, imene ankakolola kawiri pachaka. Anthu a Mfumu Chipepo atakana kusamuka mu Seputembala 1958, apolisi a boma la atsamunda anaombera n'kupha amuna asanu ndi atatu. Pafupifupi 6,000 anakwezedwa m'malole kupita ku Lusitu, kumunsi kwa damu, dziko la eni ake, louma ndi lochepa.

Ofufuza awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kulemba za mabanja amenewa mu 1956 ndipo anawatsatira kwa zaka makumi ambiri, mpaka ana ndi adzukulu amene anakakhala m'matauni. Zimene anaona ku Lusitu aliyense wodutsa pamsewu wa ku Siavonga angazione: nthaka yofiira yopanda udzu, zigwembe zakuya zodula minda pakati, milambe itaima payokhayokha, amayi akufukula mchenga wa mumtsinje wouma kuti apeze madzi. Anthu anachuluka, ziweto zinachuluka, malo osawonjezeka. Ena amaloza chala mbuzi kuti ndizo zinamaliza dziko. Mlandu umenewo ngwosavuta kugamula chifukwa woimbidwayo sayankha. Mbuzi inapeza dziko litapanikizidwa kale ndi anthu amene anajambula mapu ali mu ofesi.

Atonga ndi anthu a ng'ombe, ndipo mwamuna wopanda ng'ombe sayankhula mokweza pabwalo. Koma m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a nkhupakupa otchedwa denkete anapulula makola ambiri m'chigawo cha Kum'mwera, pa nthawi yomwe boma linkachepetsa thandizo la madipi ndi alangizi a ziweto. Chilala cha 1992 chinadzawonjezera pa bala. Mabanja ambiri anadzukanso ndi mbuzi, chifukwa n'zotsika mtengo, zimaswana msanga, ndiponso mayi wamasiye amatha kukhala nazo zakezake popanda achibale a mwamuna kuzilondalonda ngati mmene amachitira ndi ng'ombe. Mu 2023 kunabukanso matenda a anthrax, amene anavuta kwambiri ku Sinazongwe. Pofika Novembala chaka chimenecho anthu oposa 680 m'dziko lonse ankaganiziridwa kuti awatenga, anayi anali atamwalira, ndipo m'maboma ena boma linaletsa kuyendetsa ziweto. Kwa munthu amene ndalama yake yonse ili m'khola, chiletso chotero chimatanthauza kuti alibe pogwira mpaka chitachotsedwa.

Khomo limodzi, mbali ziwiri

Makomboni a Lusaka anamangidwa ndi anthu ochokera kumidzi. George ndi Chawama anayamba ngati timisasa ta antchito pa mafamu ndi migodi ya miyala ya azungu, ndipo boma linadzawavomereza mwalamulo pambuyo pa lamulo la nyumba la 1974. Kufikira lero nyumba ya zipinda ziwiri ku Kanyama siikhala ya okhalamo okha. Pamakhala mphwake wa bambo amene wabwera kudzaphunzira, agogo odikira tsiku lawo kuchipatala, ndi mlamu amene wabwera ndi mbuzi zisanu n'kugona pabalaza mpaka zitagulidwa. Pobwerera amanyamula sopo, mchere, mafuta ophikira ndi zovala za salaula. Pobwera anali ndi thumba la mapira, nkhuku, kapena nsomba zokulunga m'chisaka.

Kale ndalama zinkapatsidwa kwa kondakitala wa basi, n'kumapemphera kuti zikafike. Lero zimayenda pafoni, pa Airtel Money kapena MTN, ngakhale kumidzi ina wolandirayo amayenera kukwera kachulu kuti apeze netiweki, kenako kupalasa njinga mtunda wautali kukafuna wothandizira amene ali ndi ndalama m'kabati. Pangano losalembedwa ndi lakuti mbali imodzi ikagwa, inzake iidzutse. Ntchito ikatha m'tauni ana amatumizidwa kwa agogo kumene kuli chakudya. Mvula ikakana kumudzi, wa m'tauni amatumiza ya ufa.

Chaka cha 2024 chinathyola pangano limenelo chifukwa mbali zonse zinagwa pamodzi. Chinayamba ndi kolera. Kanyama anamangidwa pathanthwe la miyala ya laimu, madzi apansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasefukira m'zitsime ndi m'njira. Walira mvula walira matope, koma matope a ku Kanyama amapha. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale. Mmene ana ankabwerera m'makalasi n'kuti mvula itasowa kale kwa milungu ingapo. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya chilala. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chimanga anali atapsa, m'maboma 84 mwa 116. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osafika theka la chaka chapitacho, ndipo boma linati anthu 6.6 miliyoni akufunika thandizo lamsanga.

M'tauni chilala chinalowera pa nthambo za magetsi. Madzi atatsika ku Kariba, pofika Seputembala makomo ambiri ankakhala maola 21 patsiku mumdima. Wowotcherera mageti ku Kalingalinga, wometa ku Mtendere, mayi wogulitsa nkhuku za m'firiji ku Matero, onsewo ndalama inauma. Thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 linapitirira K300, ndipo makomo ambiri anabwerera ku pamela, kapaketi ka ufa wophika kamodzi kogula pakantemba. Ndiye foni ikalira kuchokera kumudzi, mlongo akuti, "Achimwene, kuno zavuta, ana agona ndi njala," woyankhayo analibe choti atumize. Adzukulu a anthu amene anasamutsidwa kuti Kariba amangidwe, ambiri a iwo okhala m'midzi yopanda magetsi mpaka lero, anapezeka kuti ngakhale thandizo la abale awo a m'tauni ladulidwa ndi damu lomwelo.

Chotsala chinali khola. Apa ndi pamene malonda a mbuzi amaonetsa nkhope yake yeniyeni. Chaka cha njala aliyense m'mudzi amafuna kugulitsa pa nthawi imodzi, mbuzi zili zowonda, ndipo wogula ndi mmodzi kapena awiri amene afika ndi lole. Mtengo wa mbuzi umatsika pamene wa chimanga ukukwera, choncho tonde amene chaka chabwino akanabweretsa matumba awiri amasinthidwa ndi ndowa zochepa. Palibe sikelo. Wogula amagwira pamsana, n'kutsina pachifuwa, n'kutchula mtengo. Mwini akati, "Onjezaniko pang'ono, bwana, imeneyi ndi mfule," winayo amangoloza kukhola la nyumba yotsatira.

Tisafulumire kumutcha wakuba wamalondayo. Iye amayenda m'midzi masiku angapo kusonkhanitsa mbuzi, amalipira chiphaso cha adokotala a ziweto, kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti si zakuba, msonkho wa khonsolo, ndi mtengo wa lole pa mutu uliwonse. Akafika ku Chibolya amalipira khola ndi anyamata otsitsa, ndipo pali anthu apakati amene amaima pakati pa iye ndi wogula n'kudyapo yawo. Tsiku lililonse limene mbuzi zagona pamsika zimataya thupi, choncho malole akafika ambiri tsiku limodzi amagulitsa modandaula. Komabe pa onse amene agwira mbuzi imeneyi, amene anaisamala zaka ziwiri, kuithamangitsira fisi ndi kuilipirira milandu ya m'minda, ndiye yekha amene sadziwa mtengo wake wa m'tauni ndiponso sangathe kudikira mawa.

Boma lili ndi diso la chimanga. Kuyambira 2002 pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, imene lero imatchedwa FISP, yakhala ikudya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, pamodzi ndi bungwe logula chimanga la FRA. Kwa zaka zambiri mlimi wa m'chigwa ankalandira feteleza ndi mbewu ya chimanga mofanana ndi mnzake wa ku Mkushi kumene mvula ndi yodalirika, ngakhale makolo ake ankadziwa kuti dziko lawo ndi la mapira ndi mchewere. Mlandu suli pa boma lokha. Ana a masiku ano safuna nsima yofiira, kuingitsa mbalame m'munda wa mapira kumafuna ana amene tsopano ali kusukulu, ndipo msika wa mapira ndi wosadalirika. Koma mlangizi mmodzi wa ziweto wokhala ndi njinga yamoto yoyenda, mankhwala a njoka za m'mimba, a mphere ndi a nkhupakupa, angapulumutse chuma chochuluka m'midzi imeneyi kuposa matumba a feteleza othiridwa m'munda umene upsa mu Febuluwale. Ana a mbuzi ambiri amafa asanaleke kuyamwa, makamaka m'dzinja, ndi matenda amene mankhwala ake ndi otsika mtengo.

Zaka zingapo zapitazo nduna zinkalankhula kwambiri za dziko la Saudi Arabia, kuti likufuna kumagula mbuzi 1 miliyoni pachaka kuchokera ku Zambia. Kafukufuku wa ziweto wa 2022 anapeza kuti dziko lonse lili ndi mbuzi zoposa 4 miliyoni, pafupifupi zonse za alimi ang'onoang'ono. Kuti msika wotero utheke pamafunika malo ophera ovomerezeka, ziphaso za matenda zimene maiko ena angazikhulupirire, ndi mbuzi zofanana msinkhu zobwera mwezi ndi mwezi. Mlimi wa ku Lusitu sagulitsa mwezi ndi mwezi, amagulitsa vuto likagogoda. Msika wakunja umene ukuyendadi ndi wa ku Kasumbalesa, umene unakula wokha popanda nduna kudula riboni.

Mvula ya 2024 mpaka 2025 inagwa bwino, ndipo boma linalengeza zokolola za chimanga zoposa matani 3.6 miliyoni. Nkhokwe zinadzaza m'chaka chimodzi. Khola silichira msanga chotero. Amene anagulitsa atonde okha anabwerera msanga, popeza mbuzi imatenga bere miyezi isanu ndipo zamakolo zimakonda kuswa mapasa. Koma amene njala inawafikitsa pogulitsa mikota yobereka anayamba pa ziro, ndipo anapeza mtengo wa kamsoti utakwera chifukwa aliyense akufuna kugula.

Apa abale a mukomboni alowanso. Mayi wogulitsa tomato ku Soweto akalandira chilimba, kapena mlonda wa ku George akatapa ya kumapeto kwa chaka, amatumiza ndalama kumudzi kuti amugulire misoti iwiri. Mbuzizo zimakhala m'khola la mchimwene kapena la amalume. Wosungayo amatenga manyowa, ndipo pa ana obadwa amapatsidwapo wake malinga ndi mmene anapanganirana, ena mwana wachiwiri, ena wachitatu. Mikangano siilephera, makamaka mwini akauzidwa pafoni kuti fisi wagwira mbuzi, ndipo mwa mbuzi zonse za m'kholamo fisiyo wasankha yake. Masiku ano ena amafuna chithunzi cha chikopa pa WhatsApp asanavomereze.